Kuoda katundu pamodzi: gwirizanani malamulo ndalama isanatuluke m'thumba

Wa mpamba wochepa amagula modula chifukwa amatenga pang'onopang'ono, kenako thiransipoti n'kumudyera phindu lotsalalo. N'chifukwa chake amalonda ambiri mu Blantyre muno amasonkherana ndalama n'kukaoda limodzi, kaya shuga ndi sopo m'mahoselo a ku Limbe, tomato ndi anyezi ku Lunzu, kapena ndiwo zamasamba ku Bvumbwe. Njirayi ndi yabwino, koma magulu ena satha chaka. Chimawapha kawirikawiri si kuba ayi, koma nkhani zing'onozing'ono zimene sanakambirane poyamba.

Yambani ndi anthu ochepa, asanu kapena asanu ndi mmodzi, ogulitsa katundu wofanana koma m'malo osiyana. Wina akhale wa ku Ndirande, wina ku Zingwangwa, wina ku Bangwe. Anthu a mabenchi oyandikana amalimbirana kasitomala mmodzi yemweyo, ndipo wina akatsitsa mtengo madzulo kuti katundu athe, mkangano wake umafika m'gulu. Musayese kuthetsa vutoli pogwirizana mtengo wogulitsira. Malamulo a mpikisano pa malonda, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, salola zimenezo. Mgwirizano wanu ukhale pa kugula ndi kunyamula. Pogulitsa aliyense aziona yekha.

Nkhani imene imaswa magulu kwambiri ndi ya galimoto. Tiyerekeze kuti mwachita hayala galimoto pa K120,000 ndipo yanyamula matumba 40 a anthu asanu: wina 16, wina 10, wina 6, awiri enawo anayi anayi. Mukagawana mofanana, aliyense apereka K24,000. Wa matumba 16 wanyamula thumba lililonse pa K1,500, pamene wa matumba anayi walipira K6,000 pa thumba. Wamng'onoyo ndiye akulipirira wamkulu, ndipo akadzazindikira sadzanena, adzangosiya kubwera. Gawani mtengo wa galimoto ndi chiwerengero cha matumba: apa ndi K3,000 pa thumba, choncho wa 16 apereke K48,000, wa anayi K12,000. Chimodzimodzinso ndalama za okweza ndi otsitsa katundu, chiphaso cha pamsika, chakudya cha amene apita kukagula, ndi zodula za Airtel Money kapena Mpamba potapa ndalama. Zonsezi zilowe m'kaundula tsiku lomwelo, chifukwa ndizo zimakuuzani mtengo weniweni wa thumba likafika pa benchi panu.

Kokagula kuzipita anthu awiri, mosinthanasinthana, osati mmodzi yemweyo ulendo uliwonse ngakhale akhale mkulu wa mpingo. Ndalama zizisonkhedwa kutatsala masiku awiri, ndipo amene sanapereke pofika nthawiyo wakhala ulendo umenewo. Mawu oti "ndilipirireni, ndibweza ndikagulitsa" ndiwo amasandutsa gulu loodera katundu kukhala malo a ngongole. Ogulawo ajambule lisiti n'kutumiza pa gulu la WhatsApp asanachoke pamalopo. Kumene kulibe malisiti, monga kwa alimi, alembe mtengo ndi kuchuluka kwa katundu m'kope, onse awiri asaine.

Nanga katundu akawonongeka panjira? Sankhani njira imodzi ulendo woyamba usanachitike. Ngati dengu kapena thumba lililonse laikidwa chizindikiro cha mwiniwake pokweza, kaya ndi penti kapena kansalu ka mtundu wake, chowonongeka n'cha mwiniwakeyo. Ngati katundu wabwera wosakanikirana kuti mugawane pofika, kuluzako kugawidwe molingana ndi ndalama imene aliyense anaika. Pa tomato njira yachiwiriyi ndiyo yachilungamo, popeza madengu apansi ndi amene amaphwanyika ndipo palibe amene anasankha kuti lake likhale pansi.

Amisiri nawo ali ndi mtundu wawo wa mgwirizano, wogawana oda yaikulu. Telala mmodzi sangasoke mayunifolomu 300 m'masabata atatu sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala, koma anayi angathe. Apa chofunika kwambiri n'chakuti kasitomala adziwe munthu mmodzi yekha, amene walandira odayo, ndipo iyeyo ndiye ayankhe pa chilichonse. Nsalu, ulusi, mabatani ndi mazipi zigulidwe pamalo amodzi, nthawi imodzi, chifukwa nsalu ya mtundu womwewo yochokera pa mipukutu yosiyana imatha kusiyana maonekedwe, ndipo ana akaima pamzere zimaonekeratu. Kudula kuchitidwe ndi munthu mmodzi pa patani imodzi. Musoke chovala chimodzi chachitsanzo, kasitomala achivomereze, kenako aliyense azisoka akuyang'ana chimenecho. Malipiro akhale pa chovala chilichonse chimene chavomerezedwa, ndipo chokanidwa abwereze mwini wake ndi ulusi wake. M'gulumo mukhale wina wa makina opalasa ndi mapazi, kuti magetsi akazima ntchito isaime. Akalipentala ogawana oda ya madesiki ndi owotcherera ogawana mafelemu a mawindo atsate zomwezi: muyeso umodzi, zipangizo zogula pamodzi, woyankha mmodzi.

Pali lamulo lina limene anthu amachita manyazi kulitchula, koma lilembedwe: amene waitanidwa kudzathandiza asapite kuseri kukapatsa kasitomala nambala yake ndi mtengo wotsikirapo. Wochita zimenezi atuluke m'gulu. Ndipo amene wabweretsa oda alandire kagawo kodziwika, mwachitsanzo K5 pa K100 iliyonse, chifukwa ndiye wayenda, waimba mafoni, ndipo dzina lake ndilo lili pachiswe.

Ndalama zoodera katundu musazisakanize ndi za chipereganyu kapena banki m'khonde, ngakhale anthu ake akhale omwewo. Chilichonse chikhale ndi kope lake ndi msungichuma wake. Zikasakanikirana, wina akalephera kubweza ngongole ya banki m'khonde, ulendo wokaoda umalephereka, ndipo anthu asanu amakhala pa mabenchi opanda katundu chifukwa cha mmodzi.

Malamulo onsewa akwane pa tsamba limodzi, aliyense asaine ndi kusunga pepala lake. Mulembemonso mmene munthu angatulukire: adziwitse anzake kutatsala mwezi, abweze zimene ali nazo ngongole, alandire zake zonse.

Gulu likayenda bwino chaka chathunthu ndipo ndalama zayamba kuchuluka, lekani kuzisunga pa foni ya munthu mmodzi. Tsegulani akaunti ku banki kapena ku SACCO, osainira akhale atatu, ndipo ndalama izituluka pokhapokha awiri atasaina. Mukafika anthu khumi mutha kulembetsa ngati koparetivu kudzera kwa mlembi wa makoparetivu ku unduna wa zamalonda, zomwe zimakupatsani mwayi wochita mgwirizano ndi masukulu, mahotela ndi makampani m'dzina la gulu. Koma musathamangire satifiketi. Koparetivu imafuna mabuku a ndalama osungidwa bwino ndi msonkhano waukulu chaka chilichonse, choncho yambani mwaona ngati kope lanu la matumba ndi thiransipoti lakhala likulembedwa ulendo uliwonse osadumpha.