Imelo yakana kutuluka pa kompyuta? Yambani mwaona antivirus

Pa Kasungu boma pano, m'maofesi ndi m'ma stationery momwe, imelo ikangokakamira mu Outbox anthu timathamangira kunena kuti netiweki yavuta kapena bandulo yatha, koma nthawi zina wolakwa amakhala antivirus. Avast, AVG, Kaspersky ndi ESET zimaima pakati pa pulogalamu ya imelo ya Outlook ndi seva (kompyuta yosunga ndi kutumiza maimelo) ngati apolisi a pa rodibuloko, kusecha uthenga uliwonse, ndiye zikachedwetsa kulumikizana kumaduka, Outlook n'kumakupatsani error ya 0x800CCC0F kapena kudandaula za certificate (chiphaso chotsimikizira seva).

Choyamba tsegulani imelo yomweyo pa browser kapena pa foni. Ikatseguka bwinobwino ndiye kuti Airtel kapena TNM alibe mlandu.

Kenako lowani mu antivirus muzimitse mbali yosecha maimelo yokha, pa Avast ndi Mail Shield, kwa mphindi 10 basi, mutumize uthenga kwa inu eni. Ukapita, mwamupeza wolakwa. Apa ndiye ambiri amalakwitsa, amangochotsa antivirus yonse, chonde musatero, ma flash omwe amazungulira m'tauni munowa amabwera ndi ma virus ambiri. Siyani File Shield, mbali yosecha mafailo, ikugwira ntchito chifukwa ndi imene imagwira attachment yoipa mukamaitsegula. Muyambe mwapanga update antivirus ndi Outlook yomwe, muyatsenso Mail Shield muone, ikavutabe zimitsani kusecha kwa SSL (kulumikizana kotetezedwa) kapena kwa maimelo otuluka.

Onaninso ma port, manambala olumikizira seva omwe ali mu settings za akaunti yanu ya imelo: yolandirira IMAP ndi 993, POP3 ndi 995, yotumizira SMTP ndi 465 kapena 587.

Ngati Outlook ikungoima osayenda, dinani mabatani a Windows ndi R pamodzi mulembe outlook.exe /safe. Ikayenda, pitani pa File, Options, Add-ins, musankhe COM Add-ins muchotse chongera pa add-in (kapulogalamu kowonjezera mu Outlook) ya antivirus ija.

Ogwiritsa ntchito Thunderbird, pulogalamu ina ya imelo, samalani kwambiri. Imasunga Inbox yonse mu failo imodzi, ndiye antivirus ikapeza virus mu uthenga umodzi itha kutsekera failo yonseyo mu quarantine (motsekera mafailo okayikitsa), makalata a zaka zambiri osaonekanso. Zikatero musadine delete, bwezeretsani failoyo. Kuti zisachitike pitani mu Thunderbird pa Settings, Privacy & Security, muchonge pamene akulola antivirus kutsekera uthenga umodziumodzi.

Komanso ngati amene anakugulitsani laputopu anaikamo ma antivirus awiri, chotsani imodzi, amalimbana okhaokha. Pa Windows 10 ndi 11 Microsoft Defender ilimo kale, imadziyatsa yokha mukachotsa enawo.