Malangizo kwa Amuna Amene Atsiliza Cithandizo ca Radiation pa Kansa ya Prostate

Pepala ili ndi lanu atate amene mwatsiliza cithandizo ca radiation, cimene ambili amangoti kuwocha kansa, komanso la amai kapena mwana amene akukusamalilani kunyumba. Kaya munathandizidwa ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH, kaya kunja kwa dziko, zimene thupi limakumana nazo pambuyo pake ndi zofanana. Ngati dokotala amene anakuonani anakuuzani zosiyana ndi zili muno, tsatilani za dokotala wanu.

Kodi radiation yatsala m'thupi?

Ngati munali kugona pa makina a radiation kuyambila pa Mande mpaka pa Cisanu, kwa milungu 4 kapena kufika 8, m'thupi mwanu mulibe radiation iliyonse yotsala. Nyamulani mdzukulu wanu, dyani nsima m'mbale imodzi ndi anzanu, gonani pa bedi limodzi ndi akazi anu. Sitifuna kumva kuti munthu wamupatulila kapu ndi mbale zake ngati wodwala cifuwa cacikulu. Kansa sipatsilana, ngakhale pogonana.

Kusiyana kulipo kwa amene anaikidwa tinjele ta radiation totsalila mkati mwa prostate. Amenewa asakhazike mwana pamiyendo nthawi yaitali kapena kukhala moyandikana kwambili ndi mai woyembekezela kwa miyezi 2 yoyamba, ndipo avale kondomu maulendo oyamba pogonana.

Milungu yoyamba

Ambili amadabwa kuti mavuto amakula atacoka kale pa makina. Zili conco cifukwa radiation imapitiliza kugwila nchito m'thupi. Mlungu woyamba ndi waciwili ndiyo imavuta kwambili, kenako zinthu zimayamba kuphwa pang'onopang'ono. Kutopa kungatenge miyezi. Musathamangile khasu kapena kukwela njinga mtunda wautali, koma musangogonanso tsiku lonse. Kuyenda pansi mphindi 20 kapena 30 m'mawa, dzuwa lisanakwele, kumacepetsa kutopa kuposa kugona pamphasa.

Mkodzo

Prostate ili pansi peni-peni pa cikhodzodzo, ndipo njila ya mkodzo imapyola pakati pake. N'cifukwa cake kuwocha prostate kumakhudzanso kukodza. Mungamve kuwawa ngati tsabola pokodza, mkodzo ungabwele mofooka, kapena mungadzuke kangapo usiku. Ena mkodzo ukabwela sudikila.

Colakwa cimene amuna ambili amacita ndi kusiya kumwa madzi poganiza kuti akodzako pang'ono. Mkodzo ukacepa madzi umakhala wacikasu kwambili ndipo umawawa kuposa kale. Imwani malita 1.5 kufika 2 pa tsiku, ambili mwa madziwo m'mawa ndi masana, ndipo mucepetse kukatsala maola 2 kapena 3 kuti mugone. Khofi, tiyi wamphamvu, zakumwa za gasi ndi mowa zimatokosa cikhodzodzo. Kacasu ndiye musayandikile n'komwe. Ikani cigubu kapena ndowa pafupi ndi bedi, makamaka ngati cimbudzi cili panja, kuti musagwe mumdima. Ngati dokotala wakupatsani tamsulosin wothandiza kuti mkodzo uyende bwino, dziwani kuti angakucititseni cizwezwe mukaimilila mofulumila. Yambani mwakhala m'mphepete mwa bedi, ndiye muimilile.

Kwa inu ocokela kutali, monga ku Chipata, Katete kapena Petauke, ulendo wa basi pa Great East Road ndi wautali kwa munthu amene mkodzo sumudikila. Pogula tikiti pemphani mpando wakutsogolo, pafupi ndi khomo. Muuzeni kondakitala musananyamuke kuti mwacokela ku cipatala ndipo mungafune kuima. Si kofunika kumufotokozela zambili. Nyamulani botolo la pakamwa papakulu, citenje cofundila, ndi kabudula wamkati wosinthila. Basi ikaima pa Luangwa Bridge, tsikani mukakodze ngakhale musanamve kufuna.

Ngati mkodzo umadontha, limbitsani minofu ya pansi. Finyani minofu imene mumagwila nayo poletsa kuphwisa pagulu, welengani mpaka 10, masulani, mubwelezenso maulendo 10. Citani zimenezi katatu pa tsiku. Phindu limaoneka pakapita milungu, osati masiku.

M'mimba

Kumbuyo kwa prostate kuli thumbo lotulutsila cimbudzi, ndiye nalonso limapsako. Kutsegula m'mimba, mphepo yambili, zonanda ngati mamina, ndi kumva ngati mufuna kupita ku cimbudzi koma osatuluka kanthu, zonsezi zimacitika. Pa milungu imeneyi cepetsani tsabola, nyemba, kabichi ndi zokazinga m'mafuta ambili. Nsima, mpunga, nthoci, mazila ndi nsomba yophika zimakhala bwino m'mimba. M'mimba mukakhazikika bwelelani ku cibwabwa, lepu, kalembula ndi ndiwo zina zamasamba, cifukwa kudzimbidwa nakonso kumavulaza thumbo.

Musapope mankhwala acikuda kumatako, ndipo musaikeko ciliconse cimene dokotala sanakupatseni. Thumbo lowochedwa limacedwa kupola. Magazi angayambe kuoneka m'cimbudzi ngakhale patapita miyezi kapena zaka. Kawili-kawili amacokela m'timitsempha tofooka ndi radiation, koma musangoganiza kuti ndi zimenezo, pitani akakuoneni. Dokotala aliyense wofuna kupima kapena kudula kanthu m'thumbo, muuzeni coyamba kuti munawochedwa prostate.

Za m'cipinda

Nkhani iyi ndiyo amuna ambili amabwela nayo ku cipatala n'kubwelela nayo osaichula. Tiinena mosabisa. Radiation imakhudza mitsempha imene imadzutsa ciwalo cacimuna, ndipo vutoli limabwela mwakacetecete. Mungakhale bwino-bwino miyezi yoyamba, n'kuona mphamvu ikucepa pakapita caka kapena zaka 2. Umuna nawonso umacepa, mwina kutha, ngakhale kumva kukoma kulipobe. Sikuti mwalodzedwa, ndipo sikuti akazi anu acita kanthu. Amai, ngati amuna anu akugona motembenukila kukhoma, nthawi zambili ndi manyazi, osati kuti ali ndi wina kunja. Bwelani nonse awili pa tsiku la kuonedwa. Nkhani imene mwamuna amaizungulila, mkazi amaifotokoza m'mau ocepa.

Mankhwala alipo, monga sildenafil ndi tadalafil, ndipo amathandiza amuna ambili amene anawochedwa. Koma akhale olembedwa ndi dokotala. Kwa munthu amene akumwa mankhwala a mtima a mtundu wa nitrate, mapilisi amenewa angagwetse BP mpaka kufika pangozi. Cenjelani ndi mutototo ndi tumabotolo ta mphamvu togulitsidwa m'misika ndi pa masiteshoni, cifukwa simudziwa zimene zili mkati. Mu 2019 cakumwa cina ca mphamvu cinaletsedwa muno m'Zambia atapeza kuti munali sildenafil amene sanalembedwe pa botolo.

Umuna ukacepa sindiye kuti simungapeleke mimba. Ngati akazi anu akali pa msinkhu wobeleka, funsani dokotala kuti mugwilitse nchito njila zolela kwa nthawi yaitali bwanji.

Nyeleti ya mahomoni

Ambili amapatsidwanso nyeleti ya pamimba, monga goserelin, mwezi uliwonse kapena pa miyezi 3 iliyonse, kwa miyezi 6 kapena kufika zaka 3. Imatsitsa testosterone, homoni yacimuna imene kansa ya prostate imakulila. Zambili zimene amuna amanamizila radiation zimacokela ku nyeleti imeneyi: kutentha kwadzidzidzi ndi thukuta monga amai akasiya kusamba, cilakolako kuzilala, mimba kukula, mabele kuwawa, mtima kukwiya msanga kapena misozi yosadziwika kocokela. Imafooketsanso mafupa ndipo ingakweze shuga. Idyani kapenta ndi mafupa ake omwe, imwani mkaka kapena mabisi ngati m'mimba mulola, yendani tsiku lililonse, ndipo pimitsani BP ndi shuga ku kiliniki yapafupi. Musasiye nyeleti panokha cifukwa ca mavutowa. Lembani tsiku la nyeleti yotsatila pa kalenda, ndipo ngati ndalama ya ulendo yavuta, uzani nasi nthawi ikalipo.

Kupima PSA

PSA ndi cinthu cocokela mu prostate cimene amapima m'magazi poona mmene kansa ilili. Prostate yanu sinacotsedwe, conco PSA siyenela kufika pa 0 monga zimakhalila kwa amene anacitidwa opaleshoni. Imatsika pang'onopang'ono, ndipo ingatenge zaka 2 kapena kuposelapo kuti ifike pansi peni-peni. Nthawi zina imakwelako pang'ono n'kutsikanso yokha. Madokotala amayamba kuda nkhawa ikakwela ndi 2 pamwamba pa nambala yotsikitsitsa imene munafikapo. Pimitsani pa miyezi 3 kufika 6 iliyonse m'zaka zoyamba, kapena monga mwauzidwila, ndipo ngati n'kotheka mu labu imodzimodzi. Gulani kabuku ka sukulu, muzilembamo deti ndi nambala ya PSA nthawi iliyonse.

Pitani ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngati mkodzo watsekeka ndipo cinena catupa, ngati mukukodza magazi oundana kapena magazi akutuluka ambili kumatako, ndiponso ngati thupi latentha kufika madigili 38 ndi kunjenjemela. Msana ukayamba kuwawa mwacilendo pamodzi ndi dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kapena mukalephela kugwila mkodzo ndi cimbudzi mwadzidzidzi, musadikile kuti kuce. Musataye nthawi kufunafuna ndalama ya ku Lusaka; yambilani pa cipatala ca boma capafupi, mutanyamula khadi lanu la ku cipatala ca kansa, kabuku ka PSA, ndi mankhwala onse amene mukumwa.