Momwe mungawerengere mauthenga a kernel pa Linux

Kompyuta ikakana kuzindikira fulashi, kapena ikatseka pulogalamu mwadzidzidzi popanda chifukwa chooneka, malo oyamba kufufuza ndi mauthenga amene kernel imalemba. Kernel ndiye phata la Linux, ndipo imalankhula mwachindunji ndi zipangizo zonse za m'kompyuta. Zimene yaona imazisunga m'kachigawo ka memori kokhala ndi malire, kamene kakadzaza, mauthenga atsopano amafufuta akale, choncho wochedwa kuwerenga amapeza umboni utapita.

Tsegulani terminal, zenera lolembamo malamulo a kompyuta, ndi kulemba sudo dmesg, lamulo loonetsa mauthengawa. Mawu akuti sudo, amene amakupatsani mphamvu za root, woyang'anira wamkulu wa kompyuta, ndi ofunika chifukwa makompyuta ambiri salola aliyense kuona mauthengawa. Mzere uliwonse umayamba ndi nambala ya masekondi amene adutsa chiyatsireni kompyuta, ndipo dmesg -T imasandutsa nambalayo kukhala tsiku ndi ola, ngakhale kuti nthawiyo imatha kuphonya ngati kompyuta inagonekedwa n'kudzutsidwanso.

Mauthengawa ali m'magulu 8 malinga ndi kukula kwa vuto, kuyambira 0, wotchedwa emerg, wa vuto loopsa kwambiri, mpaka 7, wotchedwa debug, wa tsatanetsatane wothandiza pofufuza vuto. Kuti muone zolakwika zokha, lembani dmesg -l emerg,alert,crit,err, ndipo mutchule magulu onse anayi, chifukwa mukangolemba err yekha, oopsa kwambiri aja sadzaoneka. Komatu kusefaku kungokuthandizani kupeza nthawi imene vuto linayamba. Mukaipeza, bwererani ku mauthenga onse ndi kuwerenga mosamala mizere ya pamwamba pake, pakuti cholakwika choyamba ndicho chimanena gwero, pamene zotsatira zake nthawi zambiri zimangokhala kulira kwa zigawo zina zimene zakhudzidwa. Mwachitsanzo, mizere yambiri yodandaula za mafayilo ingakhale itayambira pa mzere umodzi wa I/O error wosonyeza kuti disiki ikulephera kuwerengeka.

Ngati vutolo mungathe kulibwereza, lembani dmesg -w, kenako lowetsani fulashi ija mukuyang'ana mizere ikutuluka nthawi yomweyo. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa simuganiziranso kuti uthenga uti ndi wa chiyani.

Kompyuta ikazima n'kuyakanso, dmesg imayamba pachabe. Pa makina ogwiritsa ntchito systemd, pulogalamu yoyambitsa ndi kuyang'anira mapulogalamu ena, journalctl -k -b -1 imaonetsa mauthenga a ulendo wapitawo, kompyuta isanazime, bola ngati ankasungidwa pa disiki mu /var/log/journal. Pamene pali rsyslog, pulogalamu yosunga mauthenga m'mafayilo, monga pa makompyuta ambiri a Ubuntu, yang'ananinso mu /var/log/kern.log.

Mauthenga ambiri a debug salembedwa n'komwe mpaka mutawayatsa. Ngati kernel yanu inamangidwa ndi dynamic debug, njira yoyatsira mauthengawa kompyuta ikugwira ntchito, ndipo mukufuna a usbcore, chigawo choyendetsa zipangizo za USB monga fulashi, lembani mawu akuti module usbcore +p m'fayilo ya /sys/kernel/debug/dynamic_debug/control muli ndi mphamvu za root. Mukamaliza kufufuza, athimitseni polemba -p m'malo mwa +p, chifukwa amatuluka ochuluka kwambiri moti angathe kufufuta cholakwika chimene mumachifunacho.