Kaikidwe ka mtengo m'misika ya mumsewu wa M1: mmene mungachitire kuti wogula avomere msanga

Pa Lizulu, pa Bembeke ngakhalenso pa mphambano ya Tsangano, mbatata ya kachewere ndi yomweyo ndipo mitengo siyisiyana kwenikweni. Komabe wina katundu amamuthera dzuwa lisanapendeke, mnzake n'kubwerera naye kunyumba. Kawirikawiri nkhani imakhala pa kaunjikidwe ka katundu ndi katchulidwe ka mtengo.

Yambani ndi masamu musanayale malonda. Tiyerekeze kuti thumba la mbatata, kuphatikiza thiransipoti ndi chiphaso cha msika, lakudyerani K40,000 ndipo mukutuluka ndowa zisanu. Ndiye kuti ndowa iliyonse mwaigula K8,000. Mukaiika pa K10,000, phindu ndi K2,000. Nambala ya K8,000 ikhale m'mutu mwanu, chifukwa pansi pake mukudya mpamba.

Kenako sankhani pakati pa kutsitsa mtengo ndi kuika banyira. Apa ndi pamene ambiri amaluzira osadziwa. Wogula akati "chotseraniko", inu n'kuchotsa K1,000, theka la phindu lapita pomwepo. Choipa kwambiri n'chakuti akadzabweranso adzayambira pa K9,000, ndipo amene waima pambali pake wamva. Koma mukanena kuti "Mtengo ndi womwewo mayi, koma ndikuikirani banyira", n'kutapa manja awiri iye akuona, mbatata zimenezo mwina ndi za K400 kapena K500 basi. Wogula amachoka atanyamula chinthu chooneka ndi maso, mtengo wanu uli chilili. Banyira muziika pomaliza, ndalama zitatuluka kale m'chikwama, ndipo muzitapa pa mulu wapadera. Mukaika mwakachetechete iye asanaone, ndiye kuti mwangotaya. Musaikenso zowola kapena zobiriwira ndi dzuwa, chifukwa banyira wotere amafafaniza ubwino wa ndowa yonse.

Konzani miyeso itatu: kachigoba, ndowa yaing'ono ndi ndowa yaikulu. Muyeso ukakhala umodzi, wogula amaganiza zoti agule kapena asagule. Ikakhala itatu, amayamba kuganiza zoti atenge uti. Umene mukufuna kuti uziyenda kwambiri uikeni pakati, ndipo onetsetsani kuti waukulu ukutchipirako poyerekeza, apo ayi wodziwa masamu akutulukirani.

Mtengo uzigwirizana ndi ndalama zimene anthu amayenda nazo: K1,000, K2,000 kapena K5,000. Minibasi yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre siyidikira chenji. Kondakitala akamenya chitseko, mulu wa K1,700 watsala m'manja mwanu. Ndi bwino kuwonjezera matimati atatu mulu ukwane K2,000. Pawindo tchulani mtengo ndi kuchuluka kwake mpweya umodzi: "Mitu itatu ya kabichi, K2,000!" Kufunsa kuti "Mupereka zingati bwana?" kumangotsegula mkangano umene nthawi yake palibe. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ilembeni pa katoni ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo ngati mukufuna ndalama yochotsera kwa ejenti, iphatikizeni mumtengo. Kuitchula pamapeto kumakwiyitsa munthu amene wavomera kale.

Za ndowa zophwanyidwa kunsi ndi mbatata zikuluzikulu pamwamba, tizing'ono pansi, oyenda mumsewu uwu anazidziwa kalekale. N'chifukwa chake ena amangoyang'ana pawindo osatsika. Khuthulirani mbatata m'jumbo kapena m'thumba wogula akuona, ndipo zazing'ono muziunjike pazokha ndi mtengo wake. Ophika tchipisi amafuna zikuluzikulu zokhazokha, pomwe mayi wokaphikira banja zing'onozing'ono zotchipa sazikana.

Kwa ooda katundu wambiri amene mumalankhula nawo pa WhatsApp, tumizani uthenga umodzi wokwanira: chithunzi cha lero, kuchuluka kwa matumba, mtengo wa thumba limodzi, mtengo akatenga khumi, malo okwezera, komanso amene alipire onyamula. Munenenso kuti mtengowo ndi wa mpaka liti, popeza nthawi yokolola mitengo imasintha tsiku lililonse.

Musasinthe zonse nthawi imodzi. Tsiku la msika lino yesani banyira yekha, lotsatira yesani miyeso itatu, ndipo madzulo alionse lembani m'kope ndowa zimene zatuluka ndi ndalama zimene zatsala mutachotsa mpamba.