Labala wa table tennis: werengerani miyezi, osati mtengo wa pa paketi wokha

Achinyamata amene angoyamba kulowerera pa table tennis amakonda kundifunsa kuti labala womata pa thabwa la bat wabwino kuposa onse ndi uti. Ine ndimawabwezera mafunso awiri: mumasewera kangati pa sabata, ndipo labala ameneyu akadzatha mudzakhala ndi ndalama yogulira wina? Thabwa labwino mutha kukhala nalo zaka khumi, koma labala amafa, ndipo amafa akuonekabe wofiira bwinobwino. Choncho pogula, mtengo uja muziugawa ndi miyezi imene labalayo akugwirireni ntchito. Mukatero masamu ake amasintha kwambiri.

Tiyambe ndi ndalama. M'masitolo a pa intaneti, Tenergy 05 wa Butterfly amagulidwa madola pafupifupi 70 kapena 80 pepala limodzi, ndipo Dignics amaposa pamenepo. Bat ili ndi mbali ziwiri, ndiye wirikizani. Rakza 7 wa Yasaka, Vega Pro wa Xiom ndi Fastarc G-1 wa Nittaku ali cha pa theka la mtengo umenewo, kapena kupitirirako pang'ono. Hurricane 3 Neo wa DHS, uja wogulitsidwa kwa aliyense, ali cha m'madola 20 ndi kenakake. Mercury 2 wa Yinhe ndi malabala ena a Friendship 729 amapezeka pa madola 10 kutsika m'munsi. Pamwamba pa zimenezi onjezani ndalama yotumizira ndi msonkho. Ife amene timalandira makwacha tikukumbukira zimene zinachitika mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti: labala yemweyo anadzuka atakwera mtengo usiku umodzi, koma masiku ake okhalira pa thabwa sanachuluke.

Pali kawerengedwe kakale kamene osewera amagwiritsa ntchito: masiku amene mumasewera pa sabata, ndiye maulendo amene muyenera kusintha labala pa chaka. Wosewera kanayi pa sabata asinthe kanayi pa chaka, ndiye kuti miyezi itatu iliyonse. Si lamulo la m'buku, ndipo limadalira mtundu wa labala komanso mphamvu ya mkono, koma pa malabala othamanga a masiku ano silinama kwambiri. Munthu wa kanayi pa sabatayo akamata Tenergy mbali zonse, pa chaka agula mapepala 8, madola oposa 550. Akamata Hurricane ku forehand (mbali ya chikhatho) ndi Rakza 7 ku backhand (mbali ya kuseri kwa dzanja), sangafike ngakhale theka lake. Ndipo chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti wogula Tenergy sasintha. Amamusunga chaka ndi theka chifukwa ndalama inamuwawa, ndipo miyezi yambiri ya nthawi imeneyo akusewera ndi labala woterera amene Mercury 2 watsopano angamuchititse manyazi.

N'chifukwa chiyani labala wodula sachedwa kutha? Yankho lili m'mbiri ya masewerowa. Kale akatswiri ankagwiritsa ntchito malabala ngati Sriver, amene anatuluka mu 1967, ndi Mark V wa mu 1969. Kuti mpira uzithamanga ankamata labala ndi guluu wonunkha atatsala pang'ono kulowa m'masewero. Mpweya wa guluuyo unkafufumitsa siponji ya pansi pa labala n'kukoka khungu lake la pamwamba, mpira n'kumachoka ndi liwiro komanso kaphokoso kothetheka. Mu 2008 bungwe la ITTF, loyang'anira table tennis pa dziko lonse, linaletsa guluu ameneyu chifukwa mankhwala ake ndi oipa ku thupi. Makampani anayenera kuika mphamvu ija mkati mwa labala momwemo: siponji ya timabowo tikulutikulu, khungu lokokedwa kale ku fakitale. Tenergy anatuluka chaka chomwecho cha 2008, ndipo fakitale ya ESN ku Germany ndi imene imapangira malabala otere makampani ambiri, monga Tibhar, Andro, Donic, Joola ndi Xiom. Chinthu chokokedwa chimafika potopa. Zili ngati legeni: yokoka kwambiri imaponya patali, koma ndi imene imayamba kulefuka. Mark V alibe kukoka koteroko, n'chifukwa chake wosewera kawiri pa sabata amatha naye chaka osadandaula.

Malabala a ku China ndi mtundu wina. Khungu lake limamata, moti watsopano mukamukanikiza pa mpira amaunyamula pa tebulo. Siponji yake ndi yolimba, siponya mpira yokha. Mukaugunda mwaulesi, mpira umagwera pa neti. Mukapinda mawondo, n'kuzungulitsa chiuno, n'kuupala mpirawo mopyapyala, umachoka ndi sipini yolemera ndipo umadumpha motsika kwa mnzanuyo. Pa sevi ndi pa timipira tatifupi ta pafupi ndi neti, labala ameneyu amamvera dzanja kuposa wodula uja. Vuto lake ndi fumbi, limene limapha kumata kuja msanga, komanso chinyezi: nthawi ya dzinja, m'holo yotseka mawindo, mpira umangotsetsereka pa bat. Komanso mapepala awiri a dzina limodzi nthawi zina salemera mofanana, kulimba kwake nakonso kumasiyana. Pa mtengo wakewo ine ndimazikhululukira.

Musanyengeke poona kuti Ma Long, katswiri wa ku China, wakhala akusewera ndi Hurricane 3 ku forehand. Wake ndi wa timu ya dziko, wosankhidwa mwapadera, ndipo akatswiri a msinkhu umenewo amasintha labala pafupipafupi popanda kupisa m'thumba mwawo. Zimene amagwiritsa ntchito iwo sizikuuzani chilichonse za kukhalitsa.

Tsopano za kagwiridwe ka ntchito, pamene ambiri amatayira ndalama. Labala amene amapereka sipini yambiri amamvanso sipini ya mnzanu. Yang'anani mnyamata wa chaka chimodzi m'masewero atamata Tenergy. Pa loop yake (kamenyedwe kopala mpira mokweza kuti uchoke ndi sipini), ikalowa, aliyense amaomba m'manja. Koma mnzake akangomupatsa sevi yaifupi yokhala ndi sipini ya m'mbali, iye amangoyika bat, mpira n'kuthawira kunja kwa tebulo. Akayesa kuukankha mofatsa, umakwera m'mwamba ngati waupereka dala, mnzake n'kuuswa. Pa gemu ya mapointi 11, mapointi ambiri a ife osewera wamba amathera pa sevi, pa kulandira ndi pa mpira wachitatu. Ma loop okongola a kutali ndi tebulo amabwera mwa apo ndi apo. Choipa china n'chakuti labala wothamanga amaphunzitsa mantha. Mwana amafupikitsa mkono kuti mpira usatuluke, ndipo chizolowezi chimenecho kuchichotsa kumatenga nthawi yaitali kuposa imene chinatenga kulowa.

Ndiye wongoyamba kumene, mugulireni thabwa la matabwa asanu lopanda kaboni, mumate Mercury 2, 729 kapena Mark V, siponji ya 1.8 kapena 2.0 mm. Ndalama yotsalayo mugule mipira yambiri yophunzirira. Amene wafika poti atha kubwereza loop kangapo osaphonya, ndipo akumva kuti mpira wake ukufika kwa mnzake wopanda ukali, ameneyo akwere ku gulu la malabala a mtengo wapakati. Rakza 7 ndi Fastarc G-1 ali ndi mbiri yokhalitsa pakati pa malabala othamanga, ndipo ine ndimaona kuti osewera ambiri a m'makalabu athu safunikira kupitirira pamenepo. Ku backhand, kumene mkono umakhala waufupi, siponji yofewerapo ngati ya Vega Europe kapena Rozena imathandiza. Palibe lamulo lakuti mbali zonse zikhale za mtengo umodzi. Mbali imene mumawinira mapointi ndiyo muziipatsa ndalama. Tenergy ndi Dignics ndi malabala abwino zedi, sindikuwanyoza, koma ndi a munthu amene amaphunzira pafupifupi tsiku lililonse ndipo ali ndi womugulira. Osewera ndi labala wa timinga takunja, uja wa tinsonga pamwamba m'malo mosalala, ali ndi mwayi: wawo amatha chaka kapena kupitirira, mpaka timingato titayamba kuthothoka.

Manambala olembedwa kuseri kwa paketi, akuti liwiro 9.5, sipini 10, musawadalire poyerekeza makampani awiri, chifukwa aliyense amayeza ndi muyezo wake. Kulimba kwa siponji nakonso n'chimodzimodzi. Butterfly imalemba 36 pa Tenergy 05, DHS imalemba 39 kapena 40 pa Hurricane, a ku Germany amalemba 47.5 pa malabala ambiri a forehand. Wina angaganize kuti 47.5 ndiye wolimba kuposa onse, koma 39 ya DHS ndi yolimba kuposa 47.5 ya ku Germany. Njira yodalirika ndi kubwereka bat ya mnzanu mphindi khumi, ndipo musangomenya ma loop. Yesani sevi, yesani kukankha mpira waufupi, yesani kutchinga. Mvaninso kulemera kwake: labala wolimba atadulidwa amatha kufika magalamu 50, ndipo awiri otere pa thabwa lolemera amatopetsa dzanja la mwana.

Ngati mukufuna kulowa mipikisano, onetsetsani kuti m'munsi mwa labala muli chizindikiro cha ITTF, ndipo dzina lake likupezeka pa mndandanda wa malabala ovomerezeka umene amautcha LARC. Podula, musachotse malembo amenewo. Azikhala pafupi ndi chogwirira. Labala, siponji ndi guluu zonse pamodzi malire a kuchindikala kwake ndi 4.05 mm. Mbali imodzi iyenera kukhala yakuda. Inayo kale inali yofiira basi, koma kuyambira mu October 2021 amalolanso mitundu ina monga buluu, girini ndi pinki. Mafuta ofufumitsira siponji, aja amati booster, malamulo amawaletsa, ndipo amafupikitsa moyo wa labala: khungu limatha kulekana ndi siponji n'kutupa chithuza pakati. Chenjeraninso ndi katundu wonamizira. Tenergy wa madola 15 kulibe.

Labala wakufa mumamudziwa chonchi. Mupukuteni kaye, kenako gwirani mpira ndi zala n'kuukoka pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete kudutsa pakati. Pa labala wamoyo mpira umakakamira njira yonse. Pa wakufa umakakamira m'mphepete, ukafika pakati n'kutsetsereka. Mukamuyang'anitsa pa kuwala mudzaona pakatipo patayera kapena pakunyezimira, nthawi zina timadontho ta timinga ta mkati tikuonekera. M'masewero chizindikiro chake ndi loop imene munkailowetsa osaganiza kuyamba kugwera pa neti, inu n'kumaimba mlandu mkono wanu. Lembani tsiku limene mwamata pa paketi kapena m'foni, kuti ulendo wina mudziwe kuti mtundu uwu unakutengerani miyezi ingati.

Kasamalidwe kamawonjezera masabata ambiri, ndipo sikadya ndalama. Mukamaliza kusewera, dontho la madzi oyera ndi kasiponji kofewa zakwana. Sopo ndi spirit ayi. Akauma, phimbani ndi kapepala ka pulasitiki kosalala, ngakhale kodula pa chikuto cha fayilo, chifukwa mpweya ndi umene umakalambitsa khungu. Bat izikhala m'chikwama chake. Musaisiye m'galimoto kapena pa windo dzuwa la mu October likuswa mtengo, masana amodzi okha atha kuumitsa labala watsopano. Pukutaninso tebulo ndi mipira musanayambe. M'maholo athu a pansi pa simenti, mpira ukagwa umatola fumbi, ndipo fumbilo limapala labala nthawi iliyonse imene mwaugunda. Katepi ka m'mphepete kamateteza kuti labala asang'ambike mukagunda tebulo pokankha.

Pomata, gwiritsani ntchito guluu wa madzi wopangira table tennis. Pakani mopyapyala pa siponji ndi pa thabwa, dikirani mpaka kuyera kwake kutatha, yambirani kumata cha ku chogwirira, n'kumakanikiza ndi botolo mokweza popanda kukoka. Mukamukoka, tsiku lomumatula adzafupika ndipo sadzakwananso pa thabwapo. Guluu wa nsapato ndi supagulu amachotsa ndi thabwa lomwe pomatula, ndipo womatira chubu cha njinga ali m'gulu la oletsedwa lija. Pomatula, yambirani m'mbali n'kumakoka mopingasa, osati motsata mizere ya thabwa.

Pogula, gwirizanani anthu angapo a pa kalabu kuti mugawane ndalama yotumizira, kapena tumani wachibale amene akuchokera ku Johannesburg kapena ku UK. Labala ndi wopepuka, amalowa pakati pa zovala bola asapindike. Koma musaunjike a zaka ziwiri chifukwa mwapeza otsika mtengo, popeza labala amakalamba ngakhale ali m'paketi. Pepala limodzi losungira mbali imene mumaimaliza msanga ndi lokwanira. Amene mwamatulayo, ngati sanang'ambike, mumate pa thabwa la ana ongoyamba: kwa inu watha, koma amagwirabe mpira kuposa bat zomatiratu za m'sitolo, zimene labala wake sachoka n'komwe.