Kaikidwe ka matailosi amapatani achikale m'nyumba

Matailosi amaluwamaluwa achikale aja abwereranso ndipo ine ndimawakonda kwabasi, koma vuto ndi loti ambiri akumangowamwaza paliponse, pansi pomwe khoma lomwe, mpaka munthu ukalowa maso kuchita chizungulire. Matailosi amenewa amafuna malo amodzi oti alamulire, zina zonse zikhale phee.

Poyamba dziwani kuti mukutengera nyengo iti, osangosakaniza. Pali a nthawi ya Mfumukazi Victoria ku England (1837 mpaka 1901), amene kampani ya Minton ya ku Stoke-on-Trent inatchuka nawo, omwe aja ali pansi m'nyumba zamalamulo za Palace of Westminster ku London ndi Capitol ku Washington. Amenewa amatchedwa encaustic, patani yake si penti yapamwamba ayi, ndi dongo lamitundu lolowetsedwa m'kati mwa tailosi ndiye ngakhale apondedwe zaka zambirimbiri maluwa safufutika msanga. Amakhala bwino polowera m'nyumba ndi mukolido. Palinso asimenti amene anayamba m'ma 1850 cha ku Catalonia, dera la ku Spain, ndi kum'mwera kwa France, saotchedwa awa, amangopanikizidwa ndi makina nkuumitsidwa, nyumba zakale za ku Barcelona ndi zodzadza nawo. A Delft a ku Netherlands, oyera ndi buluu aja a m'ma 1600, komanso ma azulejo a ku Portugal, malo awo ndi pakhoma, monga kuseri kwa sinki kapena sitovu. Ngati simukonda maluwa tengani a Art Deco a m'ma 1920, mizere yowongoka ndi makona basi, kawirikawiri akuda ndi oyera.

Mukasankha, funsani wogulitsa kuti ndi asimenti enieni kapena ndi porcelain (matailosi adongo lootchedwa kwambiri) yosindikiza patani pamwamba. Apa mpamene ambiri amagwa. Asimenti amamwa madzi ndi mafuta, ndiye amafunika kupakidwa sealer (mankhwala otchinga kuti madzi ndi mafuta asalowe) musanaike grout (phala lotsekera mipata ya pakati pa matailosi) komanso mukamaliza, ndipo pakapita nthawi mudzapakenso. Sagwirizana ndi asidi olo pang'ono, viniga kapena mankhwala amphamvu otsukira m'bafa amadya pamwamba pake nkusiya chibanga chosachoka, mungokolopa ndi sopo wofatsa ndi madzi. Amakhalanso okhuthala, cha m'ma 16mm pomwe porcelain imakhala 8 mpaka 10mm, choncho yezani kaye ngati chitseko chizitsegukabe, apo bii mudzachipala kunsi. Kwa ine mukhitchini ndi m'bafa ya banja la ana porcelain ndiye yabwino, sivuta kusamala, kungoti muonetsetse kuti si yoterera ikanyowa. Koma polowera alendo, asimenti ali ndi kukongola kwina kwake kumene osindikiza safikako, mtundu wake ndi wakuya ndipo akamakalamba amanka nakoma.

Gulani onse kamodzi, a batch imodzi (opangidwa ulendo umodzi kufakitale), nambala yake imalembedwa pakatoni, chifukwa mitundu imasiyana pang'ono mukadzagula ena patsogolo. Onjezerani 10 mpaka 15 peresenti yodulira ndi yosungira.

Tsopano kuika kwenikweniko. Musalole mmisiri kuyamba pakona ngati mmene ena amachitira ndi matailosi opanda patani. Ambiri mwa awa ndi a 20 by 20cm ndipo pamafunika anayi kuti duwa limodzi lituluke, ndiye kokani zingwe ziwiri zopingasana pakati pa chipinda, yalani matailosi pouma opanda guluu, kenako kaimeni pakhomo muone mmene akuonekera kwa munthu amene akulowa. Odulidwa apite m'mphepete mwa khoma ndipo mbali zonse ziwiri afanane kukula, kaduka kakang'ono mbali imodzi yokha kamaononga ntchito yonse. Tengani m'makatoni angapo nthawi imodzi kuti kusiyana kwa mtundu kubalalike, ndipo tailosi iliyonse muione komwe yaloza isanamatidwe, imodzi ikangotembenuka muzidzaiona tsiku lililonse. Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi ya akale omwewo, patani pakati, bodala yozungulira, kenako matailosi amtundu umodzi kukafika kukhoma, chifukwa ngakhale khoma likhale lokhota zodula zonse zimagwera pa osalemba aja.

Mipata ikhale yaing'ono, 2mm yakwana, grout yake yotuwira pang'ono. Yakuda pa asimenti musayerekeze, imalowerera nkudetsa maluwa owala. Pansi pakhale pa levulo komanso pouma bwinobwino musanayambe.

Penti ya khoma musavutike nayo, yang'anani mu tailosimo mutenge mtundu umodzi wofatsa, umenewo ndiye mupake. Makatani ndi mipando zikhale zopanda maluwa, ndipo ngati chipinda choyandikana nacho mukufunanso patani, dumphitsani chimodzi kapena muike kamzere ka matailosi osalemba pakhomo kuti mapatani awiriwo asagundane.