Mmene mungazindikirire BSA B50MX musanayambe kuikonza

Mwafunsa kuti mungadziwe bwanji ngati njinga yamoto yakale imene mwaipeza ndi B50MX yeniyeni, ija ya mpikisano wa m'matope imene kampani ya BSA inkapanga ku Birmingham, ku England, kuyambira 1971 mpaka 1973.

Yambani ndi nambala ya injini. Ili kumanzere, pansi pa silinda. Pukutani ndi parafini, musapale ndi chitsulo. Mupezapo B50MX ndi malembo awiri: loyamba ndi la mwezi, lachiwiri ndi la chaka. E ndi 1971, G ndi 1972, H ndi 1973. Nambala ya pa felemu iyenera kufanana nayo. Zikasiyana, ndiye kuti wina anasinthapo injini, ndipo mtengo wake utsike. Mukaona B50SS kapena B50T, imeneyo inali ya pamsewu, ya nyali, ngakhale mwini wake atazichotsa.

Mukatsimikiza, musathamangire kuiliza. Njingayi imasunga oyilo m'kati mwa felemu, ndipo ikakhalitsa mumadzaza zinyalala zokhoza kupha injini ya 499cc tsiku limodzi. Khuthulani, tsukani felemuyo ndi sefa zake, thirani oyilo watsopano. Chotsaninso oyilo amene watsikira pansi pa injini. Kenako tsukani kabuleta, onani ngati pulagi ikupereka moto. Ikangolira, suzumirani pothirira oyilo muone ngati akubwerera; ngati sakubwerera, zimitsani pompo.

Chonde musagwiritse masipanala a mamilimita, mabawuti ake ndi a mainchesi ndipo mungawabudule mitu. Pokwera kumbukirani kuti magiya ali kuphazi lamanja, buleki kumanzere.